Amuna Anga Sakumva Buleki Kuphazi, Koma Amanyamula Ana a Sukulu

Aphungu,

Kalatayi ndakhala ndikuiyamba n'kuing'amba, chifukwa ndikamalemba ndikumva ngati ndikuvula amuna anga pagulu. Koma mtima wanga wadzaza, sungathenso kusunga. Ndiloleni ndikuuzeni zonse monga zilili, inu mundiuze ngati ndikukulitsa nkhani kapena ayi.

Amuna anga ndi dalaivala wa basi ya pasukulu ina ya ana ang'onoang'ono. M'mawa amazungulira m'makomo kutola ana, masana n'kuwabweza. Ntchitoyi aigwira zaka zambiri, moti ena amene ankawanyamula ali ndi mamina pamphuno ndi amene lero akuwapatsira ana awo pageti. Sanagundepo ngakhale nkhuku. Ana anawapatsa dzina loti Ankolo Nkhono chifukwa choyendetsa pang'onopang'ono, ndipo iwo dzinalo amalinyadira ngati mendulo. Ine ndimasita zovala pamalo ena ochapira, koma kunena zoona mzati wa nyumba yathu ndi ntchito yawoyo.

Zinayamba ngati zocheza. Akavula nsapato madzulo ankati, "Mayi, mapazi angawa akuyaka ngati ndaponda makala." Ine ndikawagwira, ozizira bwinobwino. Tsiku lina amati nyerere zikuwayenda kuzala, tsiku lina amati wina akuwabaya ndi singano kuchidendene. Ndinkawauza kuti ndi nsapato zothina, kapena ukalamba wayamba kugogoda. Patapita miyezi anasiya kudandaula, ine n'kuthokoza Mulungu kuti zatha. Sindinadziwe kuti kusiya kudandaulako ndiye kunali kuipiraipira kwake.

Tsiku lina tikupita kugolosale, patapata wawo wakumanzere anavuka n'kutsala m'mbuyo. Iwo anangopitirira, phazi lili pamiyala, akundifotokozera za mpira. Mayi wina wogulitsa tomato m'mbali mwa msewu anakuwa kuti, "Bambo inu, mwasiya tayala!" Msewu wonse unaseka, ifenso tinaseka. Koma pobwerera ndinkangoyang'ana miyala ija, yosongoka ndithu, ndikudzifunsa kuti munthu angaiponde bwanji osamva.

Chimene chinandichotsa kuseka ndi cha beseni. Ndinkafuna kuwaviikira mapazi m'madzi ofunda. Ndinathira madzi a m'ketulo m'beseni, n'kupita kukatunga ozizira oti ndisakanize. Pobwera ndinapeza aviika kale mapazi onse awiri, nthunzi ikufuka, iwo ali phee akusintha masiteshoni pawailesi. Ndinataya ndowa n'kukuwa. Iwo anandiyang'ana modabwa, amvekere, "Chavuta n'chiyani? Madziwa ali bwinobwino." M'mawa mwake mapazi anali matuza okhaokha. Anawakulunga nsalu, n'kuvala nsapato, n'kupita kuntchito osatsimphina n'komwe.

Palinso china. Akamasamba kumaso pasinki, sopo akangowalowa m'maso n'kutsinzina, amadzandira ngati woledzera, mpaka kugwira khoma. Aphungu, amuna anga sadziwa kukoma kwa mowa. Akatsegula maso amaima njo ngati msilikali. Ndaonanso kuti masiku ano madzi akumwa ngati ng'ombe, kuchimbudzi ndiye osawerenga, ndipo lamba wawo ndinachita kukabooletsa bowo lina chifukwa thalauza linayamba kugwa. Sindikudziwa ngati zimenezi zikugwirizana, ndangoti ndinene zonse.

Tsopano nkhani yeniyeni ndi iyi. Sabata yathayi kunagwa mvula yambiri m'mawa, ndiye anati ndikwere nawo basi anditsitse pafupi ndi kuntchito kwanga. Ndinakhala pampando wakutsogolo, pafupi ndi chitseko. Kumbuyo ana anali akuimba, aphunzitsi owaperekeza akuwaletsa kuimirira. Ndinaona kuti nthawi iliyonse akafuna kuima, amuna anga ankayamba aweramitsa mutu n'kusuzumira pansi pa chiwongolero. Poyamba ndinkayesa kuti agwetsa kanthu. Kachiwiri, kachitatu, ndinazindikira. Ankayang'ana phazi lawo kuti aone pamene lili.

Pali malo ena otsetsereka pamene anthu amawolokerapo kupita kumsika. Tili pakati pa chitsetserekocho, bambo wina wokankha wilibala analowa mumsewu mwadzidzidzi. Panalibe nthawi yosuzumira pansi. M'malo moti basi ichepetse liwiro, injini inalira mokweza n'kudumphira kutsogolo. Anali ataponda moto m'malo mwa buleki. Ndinamva akufuula dzina la Mulungu, kenako anaponda buleki ndi mphamvu zonse, n'kukoka ya pamanja. Basi inaima mwadzidzidzi, ana onse n'kugwera kutsogolo. Wa wilibala uja anapulumuka mwamwayi, katundu wake ali mbwee mumsewu. Kamtsikana kena kakang'ono, kogweluka mano akutsogolo, kanamenyetsa kukamwa pachitsulo cha mpando. Magazi anayenderera payunifolomu yake yoyera, koma sikanalire msanga. Kanangowayang'ana amuna anga n'kufunsa kuti, "Ankolo, mwakwiya?"

Aphungu, mawu amenewo sakundichoka m'makutu.

Atafika kusukulu amuna anga anawauza ahedi kuti buleki inakana. Ahedi anaitanitsa makaniko amene amakonza basiyo n'kumukalipira pamaso pa anthu. Iye anamasula zonse, n'kunena kuti buleki ilibe vuto. Ahedi anati akubisa ulesi wake, n'kumulanda ntchito yokonza magalimoto a pasukulupo. Munthuyu ndi mnzawo wa amuna anga wakalekale, ana ake amanditchula kuti azakhali. Anabwera kuntchito kwanga, n'kuima pakhomo manja ali ndi girisi, amvekere, "Alamu, ine sindikufuna mkangano. Koma buleki ija ndaiona ndi maso angawa. Muwafunse achimwene bwinobwino." Malaya a kasitomala amene ndinkasita ndinatsala pang'ono kuwawotcha.

Loweruka masana amuna anga anakhala pakhonde akuwerenga nyuzipepala, mapazi atatambasula pampando. Ndinakhala pafupi ngati ndikufuna kuona matuza aja. Ndinawatsina chala chachikulu, kutsina kwenikweni, mpaka chikhadabo changa chinasiya chizindikiro. Iwo anangotembenuza tsamba.

Ndinati, "Bambo, ndakutsinanitu."

Anatsitsa nyuzipepala. "Wanditsina pati?"

Ndinawaonetsa chizindikiro chija. Kenako anati, "Ndikaponda pansi zimakhala ngati ndaponda thonje. Ngati ndavala masokosi ambirimbiri. Koma miyendo ikugwira ntchito, taona." Anagwedeza zala zonse, n'kuzunguliza phazi. "Ukuona? Mphamvu zilipo. Pamene phazi silikumva, maso amaona. Tsiku lija ndi wa wilibala uja anandidzidzimutsa."

Ndinati mumsewu odzidzimutsa sadzatha. Ndinawapempha kuti tipite kuchipatala. Apo ndiye nkhope inasintha. Abambo awo, apongozi anga, anadulidwa mwendo asanamwalire, ndipo amuna anga ndi amene ankawanyamula popita kukasamba. Anati, "Abambo anga analowa m'chipatala ndi miyendo iwiri, n'kutuluka ndi umodzi. Ukufuna inenso uzindikankha panjinga ya olumala?" Nditatchula zokawauza ahedi, anaimirira. Pa zaka zonse za ukwati wathu sanandilozepo chala, koma tsiku limenelo anandiloza. "Ukakangonena kusukulu, udziwe kuti wandikwirira ndili moyo. Munthu wa msinkhu wangawu andilembanso ntchito ndani? Ukufuna ana aja adzindiona ndikupemphetsa pamsewu?" Atatero analira, Aphungu. Bambo wamkulu, imvi zili mbuu, kulira ngati mwana.

Ndinakawauza achemwali awo, poganiza kuti mwina iwo awamvera. Alamu angawo anandipatsa kabotolo ka mafuta opaka, n'kundiuza kuti ndi magazi chabe sakuyenda bwino, ndizingowasisita. Anawonjezera kuti mkazi wanzeru satulutsa za m'nyumba, ndipo ngati mchimwene wawo achotsedwe ntchito chifukwa cha pakamwa panga, banja lonse lidzadziwa amene wawapha.

Kumapeto kwa mwezi uno sukulu ikutenga ana kukaona mathithi kumapiri. Msewu wake ndi wokhotakhota, mbali ina phiri, mbali ina phompho. Dalaivala ndi amuna anga. M'mawa uliwonse ndikamva basi ikulira potuluka, ndimaima pakhomo n'kuiyang'ana mpaka itakhota. Foni ikalira kuntchito ndimasiya zosita n'kuithamangira. Ndikaona mayi akupsompsona mwana wake pageti n'kumukweza m'basi, ndimafuna kukuwa, koma ndimangomwetulira n'kubayibitsa.

Ndithandizeni. Choyamba sindikumvetsa kuti matendawa ndi otani. Ngati mwendo ukuyenda, zala zikugwedezeka, zitheka bwanji kuti usamve? Vuto lili kuphazi kapena kumutu? Kodi n'zoona kuti tikapita kuchipatala akawadula? Ndipo chachikulu: ndikakanena kusukulu, ndine mkazi woipa wopereka mwamuna wake? Nanga ndikakhala chete, china chake n'kuchitika, ndidzakhala ndani?

Ine wosowa mtendere,
Mayi E.T.M., m'tauni muno

*

Mayi E.T.M.,

Simukukulitsa nkhani. Mwaona bwino, ndipo mwachita bwino kulemba. Ndiyamba ndi chimene simukufuna kumva, kuti tikachichotsa panjira tikambirane zinazo momasuka: amuna anu asayendetsenso basi imeneyo, kapena galimoto ina iliyonse, kufikira dokotala atawaona n'kunena. Musadikire ulendo wa kumapiri. Chitsetsereko cha kumsika chija amatsikapo tsiku lililonse.

Tsopano funso lanu loti mwendo woyenda ungaleke bwanji kumva. M'thupi muli mitsempha ina imene sinyamula magazi, imanyamula mauthenga. Ndi timaulusi tating'ono kwambiri tochokera ku ubongo, kutsika m'kati mwa fupa la msana, n'kumwazikana mpaka kunsonga za zala. Ntchito zake zilipo ziwiri. Ina imatsitsa malamulo: mukaganiza zokweza phazi, ubongo umatumiza uthenga, uthengawo umatsika mumsana mpaka kuminofu, minofu n'kukoka. Ina imakweza malipoti: khungu likakhudza chotentha, chakuthwa kapena cholimba, uthenga umakwera kukauza ubongo. Inu mumasita zovala, ndiye mukudziwa zimene zimachitika chala chikakhudza simbi. Dzanja limathawa musanaganize n'komwe, ululu n'kubwera pambuyo. Uthengawo ukangofika mumsana, msana umalamula dzanja kuthawa pomwepo, kwinaku ukudziwitsa ubongo. Mapazi a amuna anu anakhala m'madzi otentha chifukwa uthenga woterowo sunanyamuke n'komwe.

Njira ziwirizi n'zosiyana, choncho ina ikhoza kuwonongeka inzake ikugwirabe ntchito. Akamagwedeza zala n'kumati mphamvu zilipo, sakunama. Malamulo akutsika. Malipoti ndi amene sakukwera.

Pali lipoti lina limene ambirife sitidziwa kuti timalandira. Tsinzinani panopa, mukweze dzanja, mugwire mphuno yanu. Simunaphonye. Mwadziwa bwanji pamene dzanja lili, maso ali otseka? M'minofu ndi m'malo olumikizira mafupa muli timitsempha timene nthawi zonse timauza ubongo kuti chiwalo chili pati, chapindika motani, chikukankha ndi mphamvu yotani. Timeneti tikafooka kumapazi, munthu amaima mothandizidwa ndi maso. Akatsinzina pasinki, ubongo umasowa womuuza pamene pansi pali, n'chifukwa chake amadzandira.

Kuponda buleki kumafuna njira zonse ziwiri nthawi imodzi. Ubongo umalamula phazi kusuntha, phazi limayankha kuti ndafika, chimene ndapondachi ndi chakuti, ndakankha mwakuti, ubongo n'kukonza pomwepo. Zonsezi zimachitika mofulumira kuposa kuphethira. Amuna anu akuyesa kuti maso agwire ntchito ya phazi, koma maso sangayang'ane pansi pa chiwongolero ndi pamsewu nthawi imodzi. Luso lawo la zaka zambiri ndi limene lawabisira vutoli mpaka pano. Silingawabwezere kumva.

Mwafunsa ngati vuto lili kuphazi kapena kumutu. Malinga ndi zimene mwafotokoza, mapazi onse awiri, kuyamba ndi kuyaka ndi kubaya kenako dzanzi, zikufanana ndi kufooka kwa mitsempha ya m'miyendo, osati misala kapena kusokonekera kwa mutu. Mitsempha yopita kuzala za kumapazi ndiyo yaitali kuposa yonse m'thupi, ndiye chinthu chikamaiwononga, kumapazi n'kumene kumayambira, n'kumakwera pang'onopang'ono. Zoyambitsa zilipo zingapo: matenda a shuga, kuchepa kwa mavitamini ena monga B12, mowa, mankhwala ena omwa nthawi yaitali, matenda a impso, ngakhale vuto la msana lopanikiza mitsempha. Ludzu lija, kukodza pafupipafupi ndi kuonda kuja zikundichititsa kuganizira kwambiri za shuga. Koma ine sindingayeze magazi kudzera m'nyuzipepala, ndipo alamu anu sangawayeze ndi kabotolo ka mafuta. Zimenezo n'za kuchipatala.

Za kudula mwendo, auzeni amuna anu mawu awa mmene ndawalembera. Madokotala sadula mwendo chifukwa wachita dzanzi. Mwendo umadulidwa chilonda chikabwera paphazi losamva, mwiniwake osachiona kapena kuchinyalanyaza, mpaka chitaola. Sindikudziwa zimene zinawachitikira apongozi anu, koma ambiri amene amataya mwendo amakhala atafika kuchipatala mochedwa. Munthu amene akukulunga matuza ndi nsalu n'kuwatsekera m'nsapato tsiku lonse ndi amene akuyenda njira ya bambo ake. Wopita kuchipatala lero akuithawa. Mantha awo ndi omveka, anaona zowawa ali pafupi, musawaseke. Koma manthawo akuwathamangitsira kumene akuopako.

Sindikunamizani kuti zonse zidzabwerera mwakale. Zoyambitsa zina zikachizidwa, kumva kumabwerako. Zina, chimene chimatheka ndi kuimitsa kuti zisapitirire. Ngati adzayendetsenso galimoto kapena ayi, adzanena ndi dokotala akawapima. Chimene ndikudziwa n'chakuti mwezi uliwonse wochedwa ukudya mitsempha imene ikanapulumuka.

Ndiye chitani izi. Lankhulani nawo lero, muli awiri, mutakhala pansi, osati akuthamangira kuntchito. Musayambe ndi mlandu. Yambani ndi zimene amanyadira: kuti makolo amawapatsa ana awo chifukwa amawakhulupirira, ndipo munthu amene wasunga ana a eni zaka zonsezi ndi yemweyo amene angathe kunena kuti lero sindikwera. Apempheni kuti mawa apemphe tchuthi cha matenda, mupite limodzi kuchipatala. Mukalowe nawo m'chipinda cha dokotala, chifukwa amuna ambiri akafika pamenepo matenda onse amasanduka "pang'ono chabe". Mukanene za beseni, za pasinki, za ludzu, mankhwala alionse amene amamwa, ndipo musaiwale kunena ntchito imene amagwira. Kupimako si koopsa. Adzawakhudza mapazi ndi kaulusi ndi kachitsulo konjenjemera, kuwagogoda pabondo ndi pakakolo, kuwaimiritsa atatsinzina, n'kutenga magazi. Matuza aja akawaonetse tsiku lomwelo.

Kunyumba, ntchito ya kumva imene mapazi asiya muigwire ndi maso ndi manja. Aziyang'ana mapazi tsiku lililonse, pansi ndi pakati pa zala, inu muziwathandiza pamene sakuona. Madzi osamba muziyamba mwawayesa ndi chigongono. Asayende opanda nsapato ngakhale m'nyumba, azigwedeza nsapato asanavale, ndipo lezala isayandikire chikhadabo kapena chikundu. Asawothe mapazi pamoto. Mafuta a alamu anu, ngati ndi odzola wamba, sangaphe munthu pakhungu labwino, koma pachilonda asafikepo.

Kusukulu, ndi bwino kuti akanene okha, ndi pakamwa pawo, atanyamula kalata ya dokotala. Dalaivala amene wabwera yekha kudzati thupi langa lasintha amalandiridwa mosiyana ndi amene wagwidwa pambuyo pa ngozi. Sindingakulonjezeni kuti ahedi adzawasunga. Koma munthu wodziwa khomo la mwana aliyense, wodziwika kwa makolo onse, ali ndi zambiri zoti apereke osagwira chiwongolero: kuperekeza ana, kuyang'anira magalimoto, kuphunzitsa dalaivala watsopano njira. Akapemphe zimenezo. Mufunsenso ku ofesi yoona za apantchito zimene malamulo amanena pa munthu amene wadwala ali pantchito, musangovomera zilizonse. Ndipo akakalowa mu ofesi ya ahediyo, asatulukemo asanayeretse dzina la makaniko uja. Mnzawo akulipira mlandu umene sanapalamule, ndipo ana ake nawonso amadya.

Nanga akakana zonsezi? Pamenepo auzeni maso ndi maso kuti, "Bambo, ngati simupita, ndipita ndine." Musachite mobisa, musatume munthu, musalembe kalata yopanda dzina. Mukatero pitanidi, basi isananyamuke. Kumeneko si kupereka mwamuna. Za m'nyumba zimene mkazi amasunga ndi zimene zimathera m'nyumba. Izi zimatuluka pageti m'mawa uliwonse zitanyamula ana a anthu ena. Alamu anu akalankhula, afunseni ngati angakweze mdzukulu wawo m'basimo. Ndipo ganizirani amuna anu omwewo: ngozi itachitika iwo n'kupulumuka, moyo umene angakhale nawo pambuyo pake ndi woopsa kuposa ulova umene akuuopa.

Chenjezo langa ndi ili. Mukaona dzanzi likukwera mofulumira m'masiku ochepa, miyendo ikufooka, mkodzo ukukanika kutuluka kapena ukutuluka wokha, pakamwa papotoka, kapena chilonda chayamba kununkha, kuda kapena kutupa, musadikire kuti kuche bwino kapena kuti mtima wawo ukhale pansi. Thamangani nawo kuchipatala nthawi yomweyo.

Adzakukwiyirani, mayi, mwina kwa masabata. Mwina adzadya chakudya chanu osakuyang'anani. Pirirani. Pa zaka zimene ndakhala ndikuyankha makalata patsamba lino, ndaona amuna ambiri okwiya amene mkwiyo wawo unatha, ena mpaka anabwera kudzathokoza. Koma mayi amene anapita kusukulu kukalandira chikwama cha mwana wake, mwanayo palibe, sindinamuonepo atachira.

Aphungu